Bondo Lakumanzere Liyenera Kupambana

Lolemba

Kukuzizira. Chifunga chakuta Chiputula yense, ndipo mawondo anga onse awiri akulira ngati chitseko cha kubafa.

Ndikulemba pang'onopang'ono, poti zilembozi ndinazidziwa imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha. Koma nkhaniyi yandidzadza pachifuwa ndipo womuuza palibe. Pakhomo pano tilipo awiri basi, ine ndi mdzukulu wanga Tadala, ndipo nkhaniyo ndi ya iye yemweyo.

Tadala akuphunzira za mafizo, zija zowongola anthu miyendo ndi misana popanda jekeseni. Phunziro limodzi linamugwetsa chaka chatha. Akuti ndi phunziro la umboni: usanagwire wodwala, uyambe wafufuza ngati chimene ukufuna kumuchitacho chinathandizapo anthu ena, osangoti poti akuluakulu amatero. Likamugwetsanso chaka chino, basi, amuchotsa sukulu. Akangoziganiza zimenezi mwanayu sadya.

Tsono lero wandikweza njinga ya hayala, ija kuno amati sakaramento, mpaka kuchipatala kumene akuphunzirira. Aphunzitsi awo, Madamu Msiska, akufuna wodwala weniweni wa nyamakazi. Ameneyo ndine.

Ndimayembekezera kalasi monga ndimaidziwira ine: mphunzitsi kutsogolo, ana chete. Ayi ndithu! Mipando yazungulira, ana akukangana, aliyense mphuno ili pafoni, Madamu aima kumbuyo manja apinda. Mwana akafunsa funso, iwo akumubwezera funso. "Iwe ukuganiza bwanji? Wazipeza kuti?" Ndiye ana alekerenji kulephera? Mphunzitsi wobisa mayankho!

Pabolodi ajambula mafuwa atatu. Loyamba, zimene ofufuza analemba. Lachiwiri, luso la wogwira wodwala. Lachitatu, mawu a wodwalayo.

"Adada, fuwa lachitatu ndinu. Muzinena zoona zokhazokha, mwapulika?"

Ndati yewo, ndamva.

Kenaka andigawa ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Bondo lakumanzere, gulu la Tadala. Iwo apeza m'mapepala kuti chofunika ndi kulimbitsa ntchafu. Bondo lakumanja, gulu la mnyamata wina wamtali, dzina lake Gomezgani. Iwo akuti kutenthetsa ndi kusisita.

Andifunsa ululu, kuyambira ziro mpaka teni. Mawondo onse awiri ali pa sikisi. Awazunguliranso ndi tepi ya atelala, ndipo akuti adzayezanso Lachisanu, tsiku limene magulu awiriwa adzaime pamaso pa onse.

Za Lachisanulo Madamu afotokoza zambiri, koma m'Chizungu. Sindikusowa womasulira ine. Mipikisano ya makwaya ndaiona yambiri: magulu awiri, woweruza mmodzi, wina amabwerera kwawo akulira.

Nazi zimene ndatsimikiza mumtima:

1. Lakumanzere lichire pofika Lachisanu.
2. Lakumanja lidikire. Ladikira zaka zonsezi, sabata imodzi si kanthu.
3. Tadala asadziwe.

Lachiwiri

Gulu la Tadala landiphunzitsa ntchito yanga. Kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba pang'ono, kuutsitsa. Kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo. Zokhazo!

Ndafunsa kuti zichiza liti. "Zimatenga masabata, agogo, musafulumire."

Masabata? Ife tili ndi Lachisanu!

Kenaka andipereka kwa Gomezgani. Panjira ndinali nditakonza kale yankho lake: eyiti. Ndimati ndikwinye nkhope, ndibuule pang'ono, ndinene kuti zaipiraipira.

Koma mwana uja, mwana uja. Wagwada pansi. "Monire asekuru." Wayamba wapekesa manja ake kuti asandigwire ndi zala zozizira. Wakulunga bondo m'chithaulo chotentha, kenaka n'kumasisita pang'onopang'ono ngati akukanda ufa wa mandasi. Chimwalirireni mayi a kunyumba, palibe anandigwirapo mwendo mwaulemu chonchi. Ndawodzera.

Atamaliza wakweza maso. "Mukumva bwanji, asekuru?"

Tsono ine ndinene chiyani? Mwana wa eni wakugwadira, watuluka thukuta pa bondo lako, iwe n'kumuuza kuti ntchito yake ndi yachabe? Kwathu ku Chiradzulu sitinaleredwe choncho. Ngakhale ndiwo zopanda mchere timayamika wophika.

Ndati faifi.

Wasangalala mpaka mano onse panja.

Ndiye poti lakumanja lili pa faifi, lakumanzere silingakhale kumbuyo. Tadala atafunsa ndati folo. Zoona zake ndi sikisi yemwe uja.

Masana ndabwerera ndekha, Tadala watsala m'kalasi. Ndakhala pakhonde ndi kuganiza bwinobwino. Ngati kakhumi kamachiza pa masabata, wofuna kuchira pa sabata imodzi achulukitse. Nzeru imeneyi siifuna sukulu. Ndatenga simbi ya makala ya malemu, ija yolemera, ndaimangirira pakakolo ndi chitenje.

Kwezani, tsitsani. Kwezani, tsitsani. Kuwerenga ndasiya, ndangoyang'ana mthunzi wa mapeyala mpaka wafika pampanda.

Ntchafu ikuyaka. Ndiye kuti zikugwira ntchito!

Lachitatu

Bondo lakumanzere ladzuka lotentha. Latupa pang'ono. Pang'ono chabe.

Mwayi wanga ndi uwu: gulu la Tadala silipinda thalauzi, limangoyang'ana ngati ndikuwongola mwendo moyenera. Wopinda thalauzi ndi Gomezgani, ndipo iye ali ndi mwendo wake.

Lero Madamu awasinthanitsa mapepala. Gulu ili ling'ambe umboni wa gulu lija, gulu lija ling'ambe wa gulu ili. Mafunso ngati kubwalo la milandu! Anayeza anthu angati? A msinkhu wanji? Anawafananitsa ndi ndani? Analemba ndani, ndipo akugulitsa chiyani? Tadala watulukira kuti limodzi mwa mapepala a Gomezgani si kafukufuku konse, ndi la anthu otsatsa malonda. Ndaomba m'manja. Ndekha. Onse andicheukira.

Madamu sanaseke. Amangondiyang'ana.

Gomezgani wabwera kwa ine nkhope itagwa, wagwadanso, wapekesanso manja. Mwana wochititsidwa manyazi chonchi ndimuwonjezere chisoni? Ndati folo.

Lakumanzere: filii.

Manambalawa akutsika okha ngati njinga yopanda mabuleki pachitunda cha Katoto, ndipo ine ndakwera pomwepo.

Masana, simbi. NyaGondwe, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wandiona pampanda.

"Adada, mukusita mwendo?"

Ndamufotokozera pang'ono. Wathamangira m'nyumba, wabwera ndi kabotolo ka mankhwala opaka a kumsika, ofiira, fungo lake lolasa m'maso. "Awa ngamphamvu chomene, anadzutsa apongozi anga."

Apongozi akewo tinawaika chaka chatha. Ndapaka. Ndapakanso.

Mayo ine! Moto! Moto weniweni! Ndaluma chipewa kuti ndisakuwe.

Madzulo Tadala akuimba potsuka mbale. Papita nthawi ndisanamumve akuimba. Waimbira foni mayi ake ku Zomba, akuti zikuyenda. Koma atakhala pansi ndi mapepala ake wakwinya chipumi.

"Agogo, mapepala onsewa akuti sizichira msanga chonchi."

Ndamuuza kuti mapepalawo analemba za mawondo a azungu.

Waseka. Kenaka wasiya kuseka, wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka wanunkhiza m'mwamba. Ndati ndi NyaGondwe akukazinga tsabola.

Mulungu andikhululukire, mkulu wa mpingo ine.

Lachinayi

Papaya. Palibe dzina lina. Bondo lakumanzere lasanduka papaya, lakupsa, lonyezimira. Pamene ndinapaka mankhwala pachita matuza.

Thalauzi lalowa movuta. Ndavala lija lalikulu la pamaliro.

Vuto latsopano: ndikutsimphina, ndipo ndikutsimphinira mbali yolakwika. Munthu amene bondo lake lili pa filii satsimphina. Wofunika kutsimphina ndi mwendo wakumanja. Ndiye Tadala ali kubafa, ine ndatuluka kuseri kukayeserera. Kuponda mwamphamvu ndi wowawa, kukoka wabwino. Zovuta kwabasi! Thupi likukana kunama. Ndikaponda, misozi. Ndikaiwala, ndabwerera kumanzere. Pamapeto pake ndikutsimphinira mbali zonse ziwiri.

"Gule wanji ameneyo, adada?" NyaGondwe pampanda. Mayi ameneyu sagwira ntchito zina?

Wa sakaramento wachita kundinyamula pondikweza. Ndamuuza kuti ndi kuzizira.

Kuchipatala Madamu andipeza pakhonde. "Adada, tayendani mpaka pachitseko apo." Ndayenda. Iwo ali kumbuyo kwanga. Ndikumva maso awo pamsana ngati dzuwa la Okutobala.

"Bwereraninso."

Ndabwerera.

"Hmm," basi. Mayiyu ngakhale kwa nkhalamba sapereka yankho!

Kuwongola mwendo pamaso pa gulu la Tadala: ndakwanitsa, koma thukuta chonsecho kunja kuli chifunga. Mtsikana wina wafunsa ngati ndili bwino. Ndati ndavala majuzi awiri.

Lakumanzere: thuu. Mawuwa atuluka okha.
Lakumanja: filii. Mwana uja anagwadanso, nditani?

Ndipo choipa kwambiri nachi: lakumanjalo likupezadi bwino pakatha kusisita kuja. Limadzayambanso kuwawa madzulo, koma masana onse limakhala phee. Bondo losakhulupirika!

Mawa tepi. Tepi simva ulemu. Ndiye masana onse ndalimbana ndi kuphwetsa papaya:

kulimanga ndi lamba (dzanzi mpaka kuphazi);
kuliika pamwamba pa mpando (mpando wagwa);
kulipempherera;
kuba nzeru za Gomezgani, thaulo ndi madzi otentha a pambaula.

Chomalizachi ndiye chalikwiyitsa. Tsopano likugunda ngati lili ndi mtima wakewake.

Simbi lero ayi. Ndangoiyang'ana, nayonso yandiyang'ana.

Ndaganiza zodwala malungo mawa. Koma wodwala akapanda kubwera, gulu liima ndi chiyani? Ndikapita, zoipa. Ndikapanda kupita, zoipa.

Titadya, Tadala waima pakati pa nyumba kuyeserera zokanena mawa. Wajambula chipepala chachikulu, mzere wotsetsereka kuchoka pa sikisi kufika pa thuu.  Wasita yunifolomu yake ndi simbi yomwe ija, n'kudabwa kuti chitenje chamangidwa pachogwirira chifukwa chiyani.

"Agogo, ndikuopa."

Pakamwa panga panatseguka. Ndithu panatseguka. Koma chimene chatuluka ndi chakuti, "Usaope, mwana wanga, bondo lili kumbali yako."

Lachisanu

Ndilemba zonse mwadongosolo lake.

M'chipinda mwadzaza. Abweranso ana a kalasi ina kudzaonerera. Ine andikhazika pakati, pabedi lalitali lija, ngati katundu wa pamsika.

Ayamba a Gomezgani. Ayeza lakumanja, lili chimodzimodzi ngati Lolemba. Alankhula, afunsidwa mafunso, akhala pansi. Sindinamve zambiri. M'makutu mwanga munali bondo lokhalokha, gu, gu, gu.

Tadala waimirira. Wapachika chipepala chake. Walankhula bwino, mwana wanga, mopanda kuyang'ana pansi. Kenaka watenga tepi, wagwada, wagwira mwendo wa thalauzi kuti apinde.

Thalauzi lakana.

Wakoka. Lakana. Wakokanso, ine ndakuwa. Lapita.

Fungo la mankhwala a NyaGondwe latuluka ngati linali m'ndende. Wina wayetsemula kumbuyo. Kenaka zii. Chipinda chonse zii. Papaya ali poyera, matuza ndi zonse, ndipo pamwamba pake pakhoma pali mzere uja wonena kuti thuu.

Ndayang'ana Madamu kuti mwina apulumutse mwana. Manja apinda.

"Tadala, pepala lako likunena china, bondo likunena china. Ukhulupirira chiti? Ndipo utani?"

 Nthawi imeneyo inatalika kuposa ulaliki wa pa Chaka Chatsopano. Mumtima ndimati, nena kuti ndinagwa, nena kuti ndi njuchi, ine ndivomera chilichonse!

Iye watembenukira kwa ine. Mawu otsika, a kunyumba.

"Agogo, mwachita chiyani?"

Pamaso pa anthu onsewo. Ndanena. Simbi. Mankhwala. Lamba. Madzi otentha. Pofika pa simbi ana ena anali atagwira kale pakamwa, pofika pa kutsimphinira mbali ina mnyamata wina watuluka panja kukasekera komweko.

Tadala sanaseke. Wayeza bondo ndi tepi, walemba. Waligwira ndi kuseri kwa dzanja, walemba. Kenaka watenga cholembera chofiira, wadula mzere wake wokongola uja kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ine mtima unagwa. Wadzipha yekha mwanayu!

Walankhula nthawi yaitali m'Chizungu, osaima. Gomezgani wandisendera pafupi kundinong'oneza.

"Akuti manambala onse atayidwe. Akuti wodwala amamukonda, ndiye amanena zomusangalatsa. Akuti wodwala anasakaniza zinthu zambiri, sitingadziwe chachita chiyani. Akuti iye analakwa posayang'ana bondo ndi maso tsiku lililonse, makamaka ataona kuti zikusiyana ndi mapepala. Akuti tsopano bondo lipume, liikidwe zozizira, adokotala alione."

Kenaka Gomezgani wandiyang'ana. "Nanga manambala anga aja, asekuru?"

"Akonso, mwana wanga."

Nkhope imene anapanga sindidzaiiwala.

Madamu andifunsa chifukwa. Ndati ndimafuna gulu la mdzukulu wanga lipambane.

"Lipambane chiyani, adada? Palibe mpikisano pano. Ndinanena Lolemba kuti nyamakazi sichira pa sabata imodzi. Ine ndikuyesa mmene akuganizira, osati bondo."

Ndati Lolembalo zinali m'Chizungu.

Apumira m'mwamba, atseka maso. "Zimenezonso lembani, nonse. Ndi inenso ndilemba."

Za malikisi akuti aganize kaye. Atumiza uthenga pafoni mawa.

Adokotala aliona bondo. Akuti silinathyoke, ndalizunza chabe. Andifunsa zaka zanga, kenaka andifunsa ngati ndikufuna kuonjezerapo zina.

Pobwerera, sakaramento ziwiri. Tadala kutsogolo. Sanacheuke mpaka kunyumba.

Loweruka

M'nyumba muli zii wa pamaliro.

Tadala akusesa malo amene wasesa kale. Foni ili m'thumba la chitenje. Akaitulutsa, kuyang'ana, kubweza. Tiyi wandipatsa, koma wangoika patebulo, ndipo shuga mulibe. Sindinadandaule.

NyaGondwe wabwera ndi madzi oundana a m'fuliji yake, okulunga m'jumbo. Madziwo akununkha nsomba. Mayiyo akuti mankhwala ake alibe mlandu, ine ndi amene ndinapaka mwadyera. Akutinso nkhani yafika kale kumpopi. Ana a pamsewu akundiitana asekuru a simbi. Dzulo lomweli! Nkhani imayenda bwanji m'tauni muno?

Foni yalira. Tonse tadumpha, ine ndi mwendo umodzi.

Mayi ake, ku Zomba. "Zayenda bwanji?" Tadala wati adzawaimbira. Wadula.

Masana. Palibe.

Ndaganiza zopita kwa Madamu kukagwada. Ndi bondo liti?

Ndikuwerengera zimene mwanayu wadutsamo. Kudzuka kusanache, kuwerenga ndi tochi magetsi akathima, kuyenda pansi m'matope a Chiputula yunifolomu ili m'jumbo kuti isade. Zonsezo ine ndazimangirira ku simbi ndi chitenje.

Akamuchotsa, adzapita kuti? Ndidzamuyang'ana bwanji?

Dzuwa litapendeka, foni yalira kawiri, kafupikafupi. Waiwerenga ataima pakhomo. Watuluka, wapita kuseri kwa nyumba. Ndikumva akulira. Kulira kwake sikukunena kanthu, kungakhale uku kapena uku, ndipo ine sindingathe kudzuka kukafunsa!

Wabwera maso ofiira. Waima patali.

"Ndakhoza. Akuti ndinakhoza pamene ndinadula mzere uja. Ndikanauteteza, ndikanagwa."

Ndayamba kunena kuti ndiye kuti simbi ija inathandizako.

"Agogo. Musayerekeze."

Sindinayerekeze.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Belu ndalimvera pampando, mwendo uli pamwamba pa pilo, jumbo ya nsomba ili pabondo. Mwina ndi bwino. Mkulu wa mpingo amene mdzukulu wake wakhoza mayeso pomugwira bodza pagulu ayenera kupumako sabata imodzi.

Malamulo atsopano a pakhomo pano, onenedwa ndi Tadala ataima:

Simbi yatsekeredwa m'sutikesi yake.
Kabotolo kofiira kali m'chimbudzi, pansi.
Bondo likaphwa, kuwongola mwendo kuyambiranso. Miyendo yonse iwiri tsopano. Kakhumi. Wowerenga ndi iye.
Thalauzi lizipindidwa tsiku lililonse.

Ndafunsa za kusisita kuja, ndi chithaulo chotentha. Akuti kumatonthoza kwa kanthawi, sikoletsedwa, koma Gomezgani wapatsidwa wodwala wina. Mayi wina wa ku Katawa wa phewa. Ameneyo ndiye azigwiridwa ndi manja ofunda. Ine ndatsala ndi mdzukulu wa zala zozizira.

Akutinso Madamu akufuna ndidzabwere kwa ana a chaka chamawa, ndidzawafotokozere ndekha zimene ndinachita. Kukalamba konseku, sukulu yandiitana kukaphunzitsa, ndipo phunziro lake ndi la mmene nkhalamba imanamira.

Ndavomera. Ndikanakana bwanji?

Masana ano wabwera ndi cholembera. Wachotsa jumbo, wayang'ana bondo, waligwira. Kenaka watenga mpando wake, wautembenuza, wakhala chondifulatira, nkhope kukhoma.

Ndafunsa kuti zimenezi ndiye ziti.

"Kuti musaone nkhope yanga. Mumayang'ana nkhope ya munthu n'kusankha nambala yomukondweretsa. Lakumanzere, agogo. Ziro mpaka teni."

Ndayang'ana msana wake. Msana sunena kanthu. Ndayang'ana pawindo, ngakhale NyaGondwe palibe. Kwatsala ine ndi bondo basi.

"Eyiti."

"Lakumanja?"

"Sikisi. Lili pomwe linali."

Walemba. "Zikomo, agogo."

Eyiti ndi sikisi. Sabata yonse yathunthu, ndipo m'nyumba muno wachira ndi mmodzi yekha. Tadala akudya tsopano, ndikumumva kukhitchini akukokota mphika.